Tizitseko ta mu Impso za Bambo

Loweruka m'mawa Magalasi anagwada m'chimbudzi atagwira burashi, koma sankatsuka. Ankayang'ana nyerere. Zinkatulukira pa kamng'alu ka m'munsi mwa khoma, n'kudutsa pa matailosi mondondozana, n'kukaunjikana m'mbali mwa chimbudzi pamene panaumira timadontho ta mkodzo. Sabata yathayo anazikolopa zonse, koma zinali zitabwerera, ndipo zinaitananso abale awo.

Mwana wina akanangothira madzi a sopo n'kuiwala, koma Magalasi sanali wotero. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusekondale chifukwa cha magalasi ake aakulu omwe ankatsetsereka pamphuno akamawerenga, ndipo iye ankawerenga paliponse, ngakhale pakudya. Kunyumba nako dzinalo linakhazikika. Pa phunziro la bayoloje panalibe womuposa m'kalasi mwawo, ndipo zimenezi ankazidziwa mopitirirako muyezo.

Masiku omwewo aphunzitsi anali atawaphunzitsa za impso. Anati impso zimasefa magazi mwachilendo. Zimayamba zataya pafupifupi chilichonse chosungunuka m'magazi, chabwino ndi choipa chomwe, kulowa m'timapaipi ting'onoting'ono, kenako n'kuyamba kutolamo zabwinozo. Timapaipito tinamangidwa ndi maselo, ndipo selo lililonse linakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kokhala ndi tizitseko tosaoneka ndi maso. Kachitseko kena n'kobwezera shuga m'magazi, ndipo shugayo salowa yekha, amalowa atagwirana ndi mchere. Kena n'ka ma amino asidi, omwe thupi limamangira minofu. Palinso tina togwira ntchito mosiyana ndi anzawo, totulutsa ma asidi osafunika ndi zotsalira za mankhwala kuchoka m'magazi kupita mumkodzo.

"Choncho mumkodzo wa munthu wathanzi simupezeka shuga," aphunzitsi anatero uku akugogoda bolodi ndi choko. "Mukamupezamo, dziwani kuti penapake palakwika."

Mawu amenewa ndi omwe ankalira m'mutu mwa Magalasi ali chigwadire. Nyerere sizitsata madzi wamba, zimatsata shuga. M'nyumbamo munali anthu atatu okha, ndipo wodwala matenda a shuga anali bambo ake. Kwa zaka zambiri bambowo ankamwa mapiritsi oyera ndipo m'chimbudzi simunkaoneka nyerere. Mwezi wathawo adokotala anawawonjezera kapiritsi kena kachikasu, ndipo nyerere zinayamba nthawi yomweyo. Kuyambira pamenepo bambo ake ankangokhalira kumwa madzi ndi kuthamangira kuchimbudzi. Mantha anamugwira Magalasi. Kapiritsiko kankawononga impso za bambo ake, ndipo woona zimenezi anali iye yekha.

Anawapeza m'shedi ya kuseri kwa nyumba akupala thabwa, pensulo ili pakhutu, utuchi uli mbuu m'ndevu. Anali kalipentala wa zitseko ndi mawindo, munthu wamkulu thupi, woseka ndi mimba yomwe. Awiriwa anali chipani chimodzi m'nyumbamo. Mayi ake, omwe ankagulitsa nsalu m'sitolo ya kutauni, ndi amene anali boma: ankabisa botolo la shuga, ankalamula nthawi yogona, ndipo ankati akulera ana awiri, wina wa magalasi, wina wa ndevu.

"Afika adokotala a pakhomo pano," bambo ake anatero osasiya kupala. "Nanga nkhope yagwa chonchi, mwalephera mayeso?"

Magalasi sanaseke. Anawachotsa pensulo pakhutu, natola kachidutswa ka thabwa, n'kujambulapo impso ndi kapaipi kake kopindikapindika. Anafotokoza zonse monga anaziphunzirira, tizitseko ta shuga, ta ma amino asidi, ndi totulutsa ma asidi tija. Bambo ake anasiya ntchito n'kumvetsera mutu uli chopendekera. Nkhani ya zitseko inali yawo, ndipo inawakomera kwambiri kumva kuti m'thupi mwawo momwe muli zitseko zochuluka kuposa zimene anapangapo moyo wawo wonse. Anafunsa ngati nazo zimalira mahinjesi kukazizira.

"Bambo, si zoseka. Tizitseko tanu ta shuga tasiya kugwira ntchito, ndipo tasiya mutayamba kapiritsi kachikasu kaja. Mukapitiriza, impso zanu zifa."

Anawatengera kuchimbudzi n'kuwaonetsa nyerere zija. Bambo ake anaziyang'ana nthawi yaitali akukanda ndevu. Kunena zoona, kapiritsiko sankakakonda. Kankawachotsa pa ntchito guluu asanaume, ndipo ku nyumba za anthu kokaika zitseko ankachita manyazi kupempha chimbudzi pafupipafupi. Kubwerera kuchipatala kukafunsa kunali kutaya tsiku lonse pa mzere. Komanso pamaso pawo panali mwana wawo, amene ankamunyadira kuposa chilichonse, akulankhula mawu akuluakulu amene iwo sanawaphunzirepo. Anati ngati adokotala a pakhomo atero, iwo ndani kuti atsutse.

Chinatsala ndi boma. Mayi ake ndi amene ankaika mapiritsi pa kambale m'mawa uliwonse, pambali pa kapu ya tiyi wopanda shuga, ndipo akanamva za nyerere akanangoti adokotala enieni ali kuchipatala. Choncho chipani chinagwirizana zosawauza. Bambo ake ankameza oyerawo moonetsera, kachikasuko n'kukabisa pakati pa zala, ndipo Magalasi akamachotsa makapu ankakalandira n'kukakaponya m'chitini cha misomali kushedi. Ankatsinzinirana diso mayi ake atatembenuka.

Lolemba lotsatira panali phunziro la bayoloje, ndipo pomaliza aphunzitsi anafunsa ngati panali wina wa funso. Funso linalipo, linafika mpaka pakhosi pa Magalasi. Koma iye anali munthu woyankha mafunso, osati wofunsa, ndipo kukweza dzanja kukanaoneka ngati sanamve bwino phunzirolo. Anangokankhira magalasi m'mwamba n'kutseka buku.

Pasanapite nthawi nyerere zinayamba kuchepa, kenako zinatheratu. Bambo ake anasiya kuthamangira kuchimbudzi, ndipo anauza mwana wawo kuti akadzatsegula chipatala chake adzamupangira zitseko zonse ulere. Magalasi ankayenda ngati sakuponda pansi. Anali atapulumutsa bambo ake ndi buku la kusukulu.

Zina zinabwera mwakachetechete. Bambo ake anayamba kuwodzera masana atakhala pa benchi, zimene sankachita. Nsapato zawo za ku ntchito zinayamba kuthina madzulo, iwo n'kumati chikopa chauma ndi dzuwa. Ankatikita maso kawirikawiri n'kumadandaula kuti manambala a pa tepi yoyezera akulembedwa aang'ono masiku ano. Magalasi ankaziona zonsezi, ndipo chilichonse ankachipezera yankho: ntchito yachuluka, kunja kwatentha, ukalamba wayamba. Akakayika ankapita kuchimbudzi kukayang'ana pansi, n'kupeza matailosi ali mbee, mtima n'kukhala pansi.

Tsiku lina akuchokera kusukulu anapeza m'shedi muli zii. Bambo ake anali atakhala pa benchi manja ali lende, akuyang'ana chitseko chimene anachigwirira ntchito masiku ambiri, chokongola, cha thabwa lofiirira. Anali atachiimika m'felemu yake, ndipo pamwamba pake pankaoneka kuwala kwa dzuwa, mpata woti munthu n'kupisapo dzanja lonse.

"Ndachidula chachifupi," anatero motsitsa mawu. "Chiyambire ntchito imeneyi sindinadulepo chitseko chachifupi. Manambala aja anangosakanikirana m'maso."

Anayesa kuseka koma sizinatheke. Magalasi anayang'ana pansi, ndipo m'pamene anaona mapazi awo. Anali atavula nsapato, ndipo mapaziwo anali otupa mpaka m'akakolo, khungu likunyezimira. Mantha amene anamugwira m'chimbudzi muja anabweranso, koma ulendo uno analibe buku loti atsegule.

Mayi ake atafika madzulo sanafunse zambiri. Anagwada, nadina phazi limodzi ndi chala, ndipo chalacho chinasiya kadzenje kosafulumira kubwerera. Anati mawa kulibe sitolo, kulibe shedi, onse akupita kuchipatala. Magalasi anapempha kuti apite nawo, ndipo mayi ake atamuyang'ana nkhope sanamukanize.

Kuchipatala anakhala pa mabenchi m'mawa wonse. Bambo ake anatengedwa magazi, napatsidwa kabotolo ka mkodzo, nayezedwa kuthamanga kwa magazi. Adokotala anali mayi wa imvi za apo ndi apo, wolankhula mosathamanga. Anayang'ana zotsatira kwa kanthawi, kenako anati shuga wa m'magazi wakwera, magazi akuthamanga kwambiri, ndipo mumkodzo mwayamba kupezeka zomanga thupi zimene impso zabwino sizitaya. Koma chimene chinawadabwitsa kwambiri, anatero, n'chakuti mumkodzomo shuga anali wongonunkhira chabe.

Magalasi anadzutsa mutu. Apo ndiye panali pabwino, pamene iye anakonza.

"Ndi chimene chikundidetsa nkhawa," adokotala anapitiriza. "Munthu amene akumwa kapiritsi kachikasu kaja, mkodzo wake umadzaza shuga. Bambo, kodi mukumwa?"

Bambo ake anakhosomola, nakanda ndevu, nati amaiwala. Mutu wa kalipentala, anatero, umakhala pa matabwa. Mayi ake anatembenuka ndi mpando womwe n'kunena kuti sizingatheke, chifukwa amaika okha mapiritsiwo pa kambale ndipo kambaleko kamabwerera kopanda kanthu. Bambo ake anati mwina kamagwera pansi, poti n'kakang'ono. Ankanama moipa, ngati munthu amene sanazolowere, ndipo maso awo ankapewa mbali imene kunali mwana wawo.

Magalasi sanathe kupirira kuwaona akudzinyozetsa choncho chifukwa cha iye.

"Ndine ndinawauza kuti asiye," anatero. "Mapiritsiwo ali m'chitini cha misomali."

Anayembekezera kukalipiridwa, koma adokotala anangomufunsa chifukwa chake. Iye anafotokoza za nyerere ndi za phunziro lija, misozi ikuchititsa nthunzi m'magalasi. Adokotala anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anamupatsa pepala ndi cholembera kuti ajambule zimene anajambulira bambo ake. Atamaliza, adokotala anati chithunzicho chinali cholondola, ndipo aphunzitsi ake sananame. Kungoti aphunzitsiwo ankanena za munthu amene sakumwa mankhwala amenewa.

Analoza kachitseko ka shuga pa chithunzipo. Anati kachitseko kameneka sikadziwa kuti mwini wake ali ndi matenda a shuga. Kamangobweza shuga m'magazi monga kanazolowera, ngakhale magaziwo atadzaza kale, ndipo mwa munthu amene wadwala nthawi yaitali kamachita kulimbikira. Ntchito ya kapiritsi kachikasu ndi kutseka kachitseko kameneka, kuti shuga wowonjezera atuluke ndi mkodzo. Mchere umene ukanalowa naye limodzi umatulukanso, madzi n'kutsatira, mapazi n'kusatupa, ndipo zosefa za mu impso zimapumulako. Tizitseko tinato kapiritsiko sikatikhudza: ma amino asidi amabwererabe m'magazi, ma asidi osafunika amatulutsidwabe.

Bambo ake anawerama n'kuyang'anitsitsa pepalalo.

"Ndiye kuti chitsekocho sichinathyoke," anatero. "Munachita kuchitseka dala."

"Dala, bambo. Nyerere zija zinkasonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito."

Magalasi anamva ngati pansi patseguke alowemo. Masiku onse aja amene ankanyadira matailosi oyera, shuga ankaunjikana m'magazi a bambo ake. Anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, ndipo kwa nthawi yoyamba m'nkhani yonseyi anafunsa funso.

"Adokotala, kodi ndawononga impso za bambo anga?"

Adokotala sanamunamize. Anati impsozo zinali zotopa kale, n'chifukwa chake anawapatsa kapiritsiko, ndipo masabata amenewa anazitopetsanso. Sakanalonjeza kuti zonse zibwerera mwakale. Koma anati abwera nthawi yabwino, ndipo akamwa mankhwala mosadumphitsa, impsozo zikhoza kuwatumikira zaka zambiri. Anawauza kuti azimwa madzi okwanira, azisamala ukhondo, ndipo abwererenso kudzayezetsa. Potuluka anamugwira Magalasi paphewa n'kumuuza kuti maso ake ndi abwino, ndipo akadzaonanso chachilendo adzabwere nacho, mzere ukatalika adzagogode pakhomo.

Anabwerera kunyumba pa basi. Mayi ake anayamba kukalipa atafika m'khitchini, koma osati kwa Magalasi. Anauza amuna awo kuti mwana ndi mwana, angathe kulakwitsa, nanga iwo ndi ndevu zonsezo ankaganiza chiyani. Anati kukwatiwa ndi munthu wobisa piritsi pakati pa zala ngati wamatsenga sanakuyembekezere. Bambo ake anavomera zonse mutu uli pansi. Kenako mawu a mayi ake anaduka pakati, iwo anakhala pa mpando n'kuphimba nkhope ndi manja, ndipo apo m'pamene Magalasi anadziwa kuti si ukali wokha, nawonso anali ndi mantha.

Masiku otsatira kapiritsi kachikasu kanabwerera pa kambale, ndipo mayi ake ankaimirira pomwepo mpaka katamezedwa. Bambo ake ankagona masana miyendo ataisanjika pa mapilo. Pang'ono ndi pang'ono akakolo anayamba kuonekanso, manambala a pa tepi anasiya kuvina, ndipo m'shedi munayambanso kumveka sowo. Koma Magalasi sankapitako. Akachokera kusukulu ankalowa m'chipinda n'kutseka. Bambo ake akamutchula kuti adokotala a pakhomo, ankadzuka n'kuchokapo. Ankawakonda kwambiri moti sankatha kuwayang'ana kumaso.

Madzulo ena anamva kukhoma m'khitchini. Bambo ake anamuitana kuti adzawagwirire chinthu, poti manja awiri sankakwana. Anapeza akukhomerera pakhoma kakabati kakang'ono ka thabwa lofiirira, kosalala bwino, kokhala ndi kachitseko kake ndi timashelefu tiwiri. Thabwalo analizindikira nthawi yomweyo. Chinali chitseko chachifupi chija.

Atamaliza kukhoma, bambo ake anaika mapiritsi onse m'katimo, oyera ndi achikasu. Anati akambirana ndi boma, ndipo boma lavomera kuti kuyambira mawa woika mapiritsi pa kambale akhale Magalasi.

"Ine ayi, bambo. Ndinatsala pang'ono kukuphani."

"Tinalakwa awiri, ndipo wamkulu ndine. Iwe unachita mantha, ine ndinangokondwa kuti ndapeza pothawira kapiritsi." Anaika hamala patebulo. "Koma tandiuza, ndi ana angati amene amagwada m'chimbudzi n'kumawerenga nyerere chifukwa cha bambo awo? Maso amenewo ndikuwafunabe. Ukaona chinthu uzindiuza, kenako tizipita limodzi kukafunsa."

Magalasi anabisa nkhope pachifuwa chawo, pa malaya onunkhira utuchi ndi guluu, ndipo analira mpaka magalasi anapendekera. Bambo ake anamusisita kumutu n'kunena kuti asamale, magalasiwo akathyoka iwo sadziwa kupanga a matabwa.

Lolemba lake, aphunzitsi atafunsa ngati panali wa funso, dzanja la Magalasi linakwera. Kalasi yonse inatembenuka kuona chodabwitsacho. Anafunsa ngati pali nthawi zina zimene shuga angapezeke mumkodzo popanda impso kuwonongeka. Aphunzitsi anati funsolo ndi labwino kuposa mayankho ambiri amene analandira chaka chimenecho, ndipo anatenganso choko.

Loweruka m'mawa anatenga burashi ndi ndowa n'kulowa m'chimbudzi. Anagwada, nakankhira magalasi m'mwamba, nayang'ana m'munsi mwa khoma. Zinalipo. Zinkatuluka pa kamng'alu kaja mondondozana, zotanganidwa ngati zachedwa ku ntchito. Chibadwire sanakondwerepo ndi nyerere ngati tsiku limenelo. Anasiya ndowa pomwepo n'kupita kushedi, kumene bambo ake ankayeza chitseko chatsopano atavala nsapato zawo zija, zingwe zitamangidwa mpaka pamwamba.

"Bambo, zabwerera."

Bambo ake anachotsa pensulo pakamwa, nkhope yonse ikuseka.

"Uzipatse moni," anatero. "Ukatero uzikolope, amayi ako asanazione."

Magalasi anabwerera kuchimbudzi. Anaziyang'anabe kwa kanthawi, kenako anathira madzi a sopo n'kuyamba kutsuka.